Manda Awiri a Mayi Ada Nyaharawa

Malemu mayi athu, Mayi Ada Kayira, amene kwawo amawatchula kuti a Nyaharawa, anabadwa pa 14 Meyi 1925 m'mudzi mwa Kamzinga, kufupi ndi Bolero, m'boma la Rumphi. Anali achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri la a Yotamu Harawa, mphunzitsi wa sukulu ya mishoni, ndi akazi awo a Nyamsiska.

Abusa, akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano, akubanja kwa a Kayira ndi kwa a Harawa amene mwachokera kumpoto, abale athu a kwa Kamphinda, ndi inu nonse amene mwadzaza bwalo lino mpaka mumsewu, ndikupempha makutu anu. Kwa amene simundidziwa, ngakhale ndikukayika ngati mulipo ambiri, ine ndine Lawford Zikhale, mwini wa malole obiriwira aja mumakumana nawo mumsewu wa Mchinji ndi wa Salima. Ndinakwatira mwana woyamba wa malemu, Janeth. Banja landipempha kuti ndiwerenge mbiri ino. Landipemphanso kuti ndiwongole nkhani imene yakhala ikunong'onedwa pa maliro ano kuyambira dzana, yakuti mayi athu akumbiridwa manda awiri, ena ku Rumphi, ena kuno ku Lilongwe, kwa Kamphinda. Nkhaniyo ndi yoona. Manda anakumbidwa awiri pomwe thupi ndi limodzi. Koma simungamvetse mmene zinafikira pamenepo musanamve moyo wa mwini wake, choncho ndiyambira kumayambiriro.

M'chaka cha 1933 malemu anayamba sukulu ya pamudzi pomwepo, akuphunzitsidwa ndi bambo awo. Mu 1938 anasankhidwa kupita kusukulu ya atsikana ku Livingstonia. Ulendowo ankayenda pansi, katundu ali pamutu, kukwera mapiri amene lero lole yanga yatsopano imakwera ikulira. Ine njira imeneyo ndaidutsa kambirimbiri, ndipo nthawi zonse ndikafika pamakhotapo ndimakumbukira kuti mtsikana wina anadutsapo wopanda nsapato. Mu 1943 anayamba maphunziro a unamwino pachipatala cha mishoni pomwepo, ndipo anamaliza mu 1946 ali ndi satifiketi ziwiri, ya unamwino ndi ya uzamba.

Pa 21 Ogasiti 1948 anamanga ukwati woyera ndi malemu a Mackford Kayira, amene panthawiyo anali kalaliki wa boma. Monga mwa mwambo wa kumpoto, a kwa Kayira anapereka ng'ombe za malowolo kwa a Harawa. Amene anakusa ng'ombezo kukazisiya m'khola la a Harawa ndi mng'ono wa a Mackford, bambo athu aang'ono a Orton Kayira, amene akhala apawa atavala chikhothi chakuda. Kwa ife Achewa ndifotokoze pang'ono: kumeneko mkazi akalowoledwa amakhala wa mudzi wa amuna ake, ali moyo ngakhale atamwalira.

Mu 1951 banjali linasamukira ku Zomba, kumene kunali likulu la boma. Malemu anagwira ntchito pachipatala cha Zomba zaka zoposa makumi awiri, poyamba kuchipinda cha amayi oyembekezera, kenako ku wodi ya abambo. Mulungu anawapatsa ana anayi: Janeth, Lexon, Lizzie ndi Efelo. Efelo anamwalira ndi chikuku mu 1959 ali wamng'ono. Pa za mpingo, mayi athu sanasowepo. Ku Rumphi anali a Umanyano, ku Zomba anali a Mvano, kuno anadzakhala a Chigwirizano. Ankanena mwanthabwala kuti maina asintha katatu koma bulauzi yoyera ndi yomweyo.

Tsopano ndifike pamene ine ndinawadziwira. Ndinabwera kuchokera ku Joni mu 1969, nditagwira ntchito m'magalaja a kumeneko, ndipo ndinagula lole yanga yoyamba, Bedford yakale imene ndinaikonza ndi manja angawa. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, palibe amene anandipatsa kanthu, koma ndinaona msanga kuti mzinda watsopano ufuna njerwa ndi mchenga. Achinyamata inu amene mwapeza City Centre ili ndi mitengo ndi maluwa simungadziwe. Kunali tchire, udzu wobisa munthu, mathirakitala ndi fumbi lofiira lolowa mpaka m'mano. Maofesi a pa Capital Hill ankaoneka ngati agwa kuchokera kumwamba n'kutera pathengo. Maunduna atayamba kusamuka ku Zomba, ine ndinali m'gulu la onyamula katundu, ndipo ndinganene mosaopa kuti matebulo ambiri amene mabwana akulembapo lero anakwera pamsana pa Bedford imeneyo.

Mu Januwale 1974, mvula ili pakati, ndinatumidwa kukanyamula katundu wa a Kayira, amene anali atakwezedwa pantchito ndi kupatsidwa nyumba ku Area 11. Bambo anali atatsogola kale. Kutsogolo kwa lole ndinakwera ndi mayi athu, atanyamula makina osokera pamiyendo, ndi mwana wawo Janeth, amene anali mphunzitsi. Ine poona mtsikana wotere ndinayamba kufotokoza za maulendo anga: za Joni, za Salisbury, za sitima za pamadzi ku Beira. Ndinalankhula kuchokera ku Zomba, kudutsa Liwonde, kudutsa Ntcheu. Titafika pa Dedza mayi anandiyang'ana nati, "A dalaivala, za ku Joni tamva. Tsopano yang'anani msewu." Ameneyo ndi mawu oyamba amene apongozi anga anandilankhula, ndipo anapitiriza kundiuza zofanana nazo kwa zaka khumi ndi zitatu.

Ndinakwatira Janeth mu Disembala 1975. Kwathu kuno mkamwini akaona apongozi ake aakazi akubwera amapatuka njira, ndipo ine ndinayesa kutero. Tsiku lina ndikuzemba kuseri kwa nyumba, anandiitana, anandikhazika pampando, anandipinda malaya n'kundimanga chija choyezera kuthamanga kwa magazi. Anandiuza kuti ulemu wanga aulandira, koma mwana wawo sadzakhala wamasiye chifukwa cha ulemu, ndipo ndichepetse mchere ndi nyama yonona. Kuyambira pamenepo sindinawathawenso.

Atafika kuno, malemu anayamba ntchito pachipatala cha Botomu ku Old Town. Ankadzuka m'mamawa kukadikira basi, chifukwa kuchoka ku Area 11 kufika ku tauni kunali ngati ulendo wa kumudzi. Koma chimene chinawavuta kwambiri sichinali mtunda. Ku Zomba anazolowera kuti ukatuluka pakhomo umapeza munthu wom'patsa moni. Ku Area 11 nyumba zinali zazikulu, zotalikirana, aliyense kuseri kwa mpanda wake. Choncho mu Malichi 1974 anayambitsa phunziro la Baibulo pakhonde pawo. Poyamba anaitana akazi a mabwana anzawo. Anabwera ochepa, ndi zikwama zawo za m'manja, ndipo patapita masabata angapo aliyense anapeza chifukwa. Amene sanasiye ndi anthu awiri amene sanaitanidwe n'komwe, amene ankamvetsera ataima cha kumpanda: a Chikaonda, mlonda wa panyumbapo, ndi a Evelesi Naphiri, amene ankachapa zovala kunyumba yoyandikana nayo.

A Chikaonda ndi a Naphiri ndi eni nthaka ino. Mudzi wawo unasamutsidwa pamene likulu linkamangidwa, ndipo anakakhala kwa Kamphinda, kunja kwa mzinda. A Chikaonda amanena mpaka lero kuti geti limene ankalondera linaima pamene panali munda wawo wa mtedza. Mayi athu anawalowetsa onse awiri, anawapatsa mipando, ndipo anawafunsa nthawi imene anzawo angapeze mpata. Yankho linali lakuti Lachitatu masana, alonda atagonako, mbale za nkhomaliro zitatsukidwa, ketulo ya tiyi wa madzulo isanaterekedwe. Nthawi ya phunziro inakhala imeneyo, ndipo sinasinthe mpaka sabata ino. Chaka chisanathe khonde linachepa. Galimoto ya a Mackford inayamba kukankhidwira panja Lachitatu lililonse kuti anthu akhale m'galaja: alonda, a m'minda ya maluwa, ophika, olera ana, ochokera ku Area 11, Area 9 ngakhale Area 10, a mipingo yosiyanasiyana.

Ine ndalowamo m'matchalitchi akuluakulu, ku Nairobi, ku Dar es Salaam, ngakhale ku London kumene denga lake ukaliyang'ana chipewa chimagwa. Koma kaphunzitsidwe ka mayi athu sindinakaone kwina. Sankalalikira. Ankapatsa munthu ndime kuti awerenge, ndipo akamaliza ankamufunsa kuti iye wamvapo chiyani. Amene sankadziwa kuwerenga anawaphunzitsa pomwepo, ndi makala pa simenti ya m'galaja. A Naphiri anayambira pamenepo, lero amawerenga kuposa ine. Pemphero lomaliza likatha, mayi ankatsegula chikwama cha kuchipatala, n'kuyamba kutsuka zilonda, kuyang'ana makanda m'maso, ndi kukalipira abambo amene asiya mapilitsi pakati. Mabwana ena anadandaula kuti antchito awo akuchedwa. Mayi ankapita okha kunyumbako atavala yunifolomu yawo, ankapereka moni mwaulemu, ankafunsa za umoyo wa ana a m'nyumbamo mmodzimmodzi, ndipo pochoka nkhani ya kuchedwa inali itaiwalika.

Mu Seputembala 1974 kunachitika chinthu chimene chatifikitsa pa nkhani ya lero. Mmisiri wina womanga anagwa pamwamba pa nyumba imene inkamangidwa ku City Centre, ndipo anamwalirira m'manja mwa mayi athu kuchipatala. Anzake ankangomudziwa kuti Edwell, wa cha kumunsi ku Shire. Masiku amenewo anthu ankabwera ku Lilongwe kuchokera mbali zonse kudzafuna ntchito, ambiri osauza ngakhale akwawo kumene alowera. Thupi la munthu wotero likakhalitsa ku mochale popanda wolilondola, linkakaikidwa ndi akaidi, popanda nyimbo, popanda wolira. Mayi anazungulira pamene pankamangidwa nyumba, anafunsa mumsika, anafunsa pa depoti ya basi. Palibe amene anadziwa kwawo kwa Edwell. Lachitatu lotsatira anaika nkhaniyo pamaso pa gulu lawo m'galaja muja. A Chikaonda anapita kukalankhula ndi akuluakulu a kwa Kamphinda, ndipo anthu amene anali atangolandidwa minda aja anapereka malo m'mphepete mwa manda awo kuti mlendo agonepo. Abambo a phunziro anakumba, amayi anaimba, ndipo Bedford yanga inanyamula bokosi. Umo ndi mmene unayambira mzere umene a kwa Kamphinda amautcha mzere wa alendo.

Ndikufuna mumvetse kagwiridwe kawo ka ntchito imeneyi. Mayi athu sankathamangira kwa Kamphinda. Choyamba ankafunafuna abale. Ankatumiza uthenga wa maliro ku wailesi, ankatuma makondakitala a basi, ankatuma madalaivala anga kuti akafunse m'misika ya kumene akupita. Abale akapezeka, thupi linkapita kwawo, zivute zitani. Foni ikalira ku ofesi kwanga ku Old Town, ine ndikumva mawu awo, ndinkadziwiratu. Sankafunsa ngati lole ilipo, ankafunsa kuti inyamuka nthawi yanji. Malole a Zikhale afika ku Chitipa, ku Nsanje, ku Muloza, ku Usisya kumene msewu umathera m'malere, atanyamula anthu amene ine sindinawaonepo ali moyo, ndipo palibe lole inabwererapo panjira. Pokhapokha zonse zikakanika, munthu akasowa womulondola, m'pamene uthenga unkapita kwa Kamphinda. Kumeneko anazolowera: uthenga ukafika madzulo, m'mawa mwake makasu ali kumanda, osadikira kuuzidwa kawiri.

Malemu anapuma pantchito ya boma mu 1980. Chaka chotsatira, mu Novembala 1981, amuna awo a Mackford anadwala ndi kumwalira. Ali m'chipatala anaitanitsa mng'ono wawo a Orton, ndipo anawapempha kuti pokumba manda awo kumudzi asiye malo kudzanja lamanzere, a akazi awo. A Orton analonjeza. Ine ndinalipo, ndinamva ndi makutu anga. Thupi la bambo tinakaliika kwa Kayira, ndipo malowo anasiyidwa. Chaka ndi chaka a Orton akhala akuwalambula.

Nyumba ya boma itabwezedwa, ndinawamangira mayi nyumba ino ya ku Area 15. Ndinkafuna kuwamangira yosanja, ngati ina imene ndinaiona ku Durban. Anakana, nati chimene akufuna ndi galaja yaikulu. Ndinawakumbutsa kuti alibe galimoto. Anandiyang'ana monga anandiyang'anira pa Dedza paja, ndipo galaja ndi imeneyo mukuionayo, yokwana malole awiri, yodzaza mabenchi.

M'nyumba muno ndimo analereramo zidzukulu zawo. Ambiri mwa iwo anabadwira m'manja mwawo. Loweruka lililonse ankawandandalika pakhonde, wamkulu kutsogolo, kuwamwetsa mafuta a nsomba ndi sipuni imodzi yomweyo, ndipo wothawa ankamwa kawiri. Anawaphunzitsa kupereka moni m'Chitumbuka kuti asadzachite manyazi akapita kwa agogo awo. Ana anga ine ndawagulira njinga za ku Joni ndi mawotchi a ku London, koma tchuthi chikafika onse ankalirira kuno, kudzagona pamphasa ndi kudzutsidwa m'mawa kuti akasese m'galaja.

Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi anayamba kuwavuta mu 1985. Ndinawakweza ndege kupita nawo ku Harare kwa madokotala akuluakulu. Atabwerako anthu anawafunsa za ulendowo, iwo anangoti anamwino a kumeneko amayala bwino bedi. Mu Meyi chaka chino anachita sitiroko, mbali imodzi inafooka, koma mutu unali bwinobwino. Phunziro la Lachitatu linkachitikira pakhomo pa chipinda chawo. Tsiku lina, poona mmene zinthu zinkayendera, ndinalimba mtima ndi kuwafunsa kumene angakonde kukagona nthawi ikadzakwana. Anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa nati, "Mkamwini, lipenga lidzamveka ku Rumphi, lidzamvekanso kuno. Musandivutitse." Sananenenso china, kwa ine kapena kwa ana awo.

Anagonekedwa m'chipatala chachikulu kumayambiriro a mwezi uno, ndipo Ambuye anawatenga Lachitatu m'mawa, pa 8 Julaye 1987, ali ndi zaka 62.

Masana a tsiku lomwelo a phunziro anasonkhana monga mwa masiku onse, ndipo anapeza maliro. Ife abanja tinali otanganidwa ndi za bokosi ndi kutumiza uthenga kumpoto. Palibe amene anaganiza zokhala pansi ndi a Chikaonda. Iwo anatengera uthenga kwa Kamphinda, ndipo anthu a kumeneko anachita chimene mayi anawazoloweretsa kwa zaka zonsezi. Lachinayi m'mawa anakumba manda kumutu kwa mzere wa alendo, pansi pa mtengo wa mkuyu, okuya bwino, osalala ngati apaka pulasitala. Sanafunse munthu, chifukwa m'mitima mwawo munalibe funso. Tsiku lomwelo, ku Rumphi, a Orton asanakwere basi anauza anyamata a kwa Kayira kuti atsegule malo aja a kudzanja lamanzere.

A Orton anafika dzulo, ndipo tinakhala pansi m'galaja. Iwo ananena zawo momveka: ng'ombe anakusa okha, lonjezo anapereka okha kwa munthu amene anali kutsirizika, ndipo sangabwerere kumudzi ndi lole yopanda kanthu n'kukaima pamanda a mkulu wawo. A Chikaonda nawo ananena zawo: kwa Kamphinda manda sakhala chitsegukire, anthu akuchita kale mantha, ndipo mayi amene anaika alendo onse aja sangachoke ngati mlendo iwo eni. Anawonjeza kuti nkhalamba za phunziro sizidzakwanitsa kupita ku Rumphi kukaona pamene agona. Ana nawo anagawikana. Lexon anaima ndi bambo ake aang'ono. Lizzie anati zidzukulu zonse zili kuno. Mkazi wanga ankangolira. Abusa anayesa, akulu a mpingo anayesa. Ine ndakambiranapo ndi a kasitomu pa Beitbridge, ndakambiranapo ndi Apwitikizi padoko la Beira popanda womasulira, ndipo katundu wanga ankadutsa. Koma dzulo ndinatuluka m'galaja muja nditagonja, chifukwa mbali zonse ziwiri zinkanena zoona ndipo zonse zinkalankhula chifukwa cha chikondi. Pofika madzulo munaona nokha: a kumpoto anakhala mbali yawo, a kwa Kamphinda mbali yawo, ndipo chakudya chinabwerera kukhitchini.

Lero m'mawa a Orton anandipempha kuti ndiwaperekeze akaone manda enawo ndi maso awo. Ndinawatenga pa Benz yanga, pamodzi ndi a Chikaonda ndi a Naphiri. Titafika, a Orton sanapite msanga pa dzenje. Anayambira kumapeto kwa mzere, ndipo a Naphiri ankawafotokozera mtumbira uliwonse. Uyu ndi Edwell, woyamba uja. Uyu ankalankhula Chisena. Uyu anali mayi, anamwalira pobereka, mwana wake akukula kwa Kamphinda konkuno. Awa awiri ankalankhula Chitumbuka ngati inu, mayi ndi amene ankawamva, ndipo anawaimbira nyimbo ya kwawo okhaokha chifukwa ife sitinkaidziwa. Uyu ngakhale dzina sitinalidziwe. A Orton anavula chipewa. Pofika kumutu kwa mzere anali akulira ngati mwana. Anati iwo ankadziwa kuti alamu awo ndi namwino, koma izi sanazimvepo, chifukwa mayi akapita kumudzi sankazikamba. Kenako anati basi, agone pompano pakati pa anthu awo, iwo akagwada pamanda a mkulu wawo ndi kupepesa kuti alephera.

Ine ndinaganiza kuti nkhani yatha. Koma a Naphiri anagwada pansi, pa dothi lofukulidwa lija, ndipo ananena mawu amene ndikufuna ndiwabwereze monga anawanenera.

"A Kayira, dikirani. Onse agona mumzere muno ndi anthu amene palibe anawalondola. Mayi ankalira pa aliyense chifukwa cha chimenecho. Koma iwo mwawalondola inu, kuchokera ku Rumphi. Tikawaika pano tiwanamizira kuti analibe abale."

A Chikaonda anayang'ana m'dzenje limene anakumbitsa. Kenako anati zimenezo n'zoona, mayi akanakhala kuti ndi amene akuyendetsa maliro ano, bwenzi ataimba kale foni kwa Zikhale kufunsa kuti lole inyamuka nthawi yanji. Anabwereka chikwanje, anapita kudimba, nadula thunthu la nthochi, pakuti kwathu kuno manda akakumbidwa koma osaikamo munthu, timagonekamo thunthu la nthochi ndi kukwirira. Analitsitsa anthu awiri, a Chikaonda mbali ina, a Orton mbali ina. Tinapemphera, ndipo anyamata a m'mudzimo anafotsera.

Pobwerera, a Orton anapempha chinthu chimodzi, ndipo banja lonse lavomera. Ku Rumphi malo ndi a kwa Kayira, koma ntchito ya adzukulu adzagwira ndi a phunziro la Lachitatu. Ndiwo adzanyamule bokosi, ndiwo adzalitsitse, ndiwo adzaimbe nyimbo yomaliza. A Naphiri ndi anzawo ndi amene awasambitsa ndi kuwaveka mayi yunifolomu ya Chigwirizano imene muwaone nayo. Choncho amene munamva kuti pa maliro ano pali mkangano, mukauze amene anakuuzaniwo kuti unalipo ndipo watha.

Malemu asiya ana atatu: Janeth, amene ndi Mayi Zikhale, Lexon, amene ali ku Mzuzu, ndi Lizzie wa ku Area 18. Asiya zidzukulu khumi ndi ziwiri, mchemwali wawo mmodzi, a Bernadetta Nyaharawa, amene ukalamba wawalepheretsa kubwera ndipo akutidikira ku Bolero, alamu awo a Orton Kayira, ndi gulu la Lachitatu limene sindingathe kuliwerenga.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira, ambiri mwa iwo ophunzitsidwa ndi mayi omwewa. Ndikuthokoza abusa ndi mpingo, amayi a Chigwirizano amene agona pano kuyambira Lachitatu, ndi anansi a mu Area 15 amene atsegula mageti awo kuti alendo apeze pokhala ndi madzi. Ndikuthokoza akuluakulu ndi anthu onse a kwa Kamphinda chifukwa cha manda amene munakumba, ndiponso chifukwa chovomera kuwakwirira. Ndikuthokoza bambo athu a Orton, amene anasunga lonjezo zaka zonsezi ndipo anali okonzeka kulitula lero m'mawa chifukwa cha ife.

Mwambo wa mapemphero ukatha tinyamuka. Panja paima malole atatu a Zikhale, onse a matenti, matayala atsopano, mafuta odzaza, ndi basi imodzi ya okalamba ndi amayi a makanda. Wa phunziro la Lachitatu aliyense ali ndi malo. Mabwana ndi madona a ku Area 9, Area 10 ndi Area 11 amene muli pano, ndikupempha kuti muwamasule antchito anu mpaka Lachiwiri. Amene mukudera nkhawa za mageti anu, ndatumiza kale anyamata a pa yadi panga kuti akalondere. Tiyenera kubwerako Lachiwiri ndithu, chifukwa Lachitatu masana galaja ija idzatsegulidwa monga kale, ndipo ana a malemu agwirizana kuti a Naphiri ndi amene azitsogolera.

A Nyaharawa, mayi athu, apongozi anga, munatumiza anthu ambiri kwawo. Lero tikuperekezani inu. Pitani mukagone kudzanja lamanzere la amuna anu, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere wa Ambuye amene munawatumikira.